A Lawrence Psaila ndi chaka chachinayi cha mkamwini wawo

Bambo Mfumu, anamfedwa, akuluakulu a timu ya Coral Coast Herons, osewera akale ndi a lero, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu m'nyengo ino yodula nzimbe kudzakhala nafe: amene agona kutsogolo kwathuku ndi a Lawrence Gaetano Psaila, a ku Farleigh, obadwa m'chaka cha 1957. Ine ndine Silvio Pelleri, mlamu wawo. Mlongo wanga Rosaria, mkazi wa malemu, ndiye wandituma kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo wandilamula kuti ndisadumphe malo owawa. Ngati ena mumva zimene simunayembekezere kumva m'tchalitchi, mundikhululukire, ndangotumidwa.

A Lawrence anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo, a Gaetano, anachokera ku Malta ali mnyamata, nadula nzimbe za eni ake ndi chikwanje mpaka msana unapindika, kenako anagula kamunda kawokawo. Mayi awo, a Karmena, analera ana onsewo m'nyumba yamatabwa ya zipinda ziwiri. Lamlungu akaphika timakeke ta tchizi tija timati pastizzi, ntchito yogawa inkakhala ya a Lawrence, chifukwa pa ana onse ndi iwo okha amene sankadzipatsa kakakulu. Alongo awo ali muno atha kuchitira umboni kuti chilungamo chimenecho sichinkasangalatsa aliyense, poti ngakhale wodwala sankamuwonjezera.

Sukulu anayambira kwa asisitere ku Farleigh komweko, sekondale anakaphunzira ku Mackay. Monga mwana aliyense wa kuno, anasewerako ragibi, imene ife timangoti mpira. Mpirawo ankaukonda ndi mtima wonse, koma tinene zoona, mpirawo sunkawakonda. Anali aafupi, liwiro analibe, ndipo atathyoka phewa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, aphunzitsi awo anawalangiza kuti athandize timu pogwira cholembera. Anamvera. Anapita ku Townsville kukaphunzira zowerengera ndalama, ndipo atabwerako analembedwa ntchito mu ofesi ya fakitale ya shuga, kumene anakhala zaka zoposa khumi ndi zisanu.

Mu 1983 anakwatira mlongo wanga Rosaria wa ku Ingham. Bambo athu, Mtaliyana wouma mutu, poyamba sankafuna kumva za mkamwini wa ku Malta. A Lawrence sanatsutsane nawo. Ankangobwera Loweruka lililonse, kudya zimene apatsidwa, kuthokoza, n'kubwerera, mpaka nkhalambayo inatopa n'kuvomera. Mulungu anawapatsa ana awiri, Damien mu 1985 ndi Marisa mu 1988. Damien anatengera mayi ake, ndi munthu wofatsa. Marisa ndiye anatengera bambo ake chilichonse, kuyenda, kuseka, ndi makani omwe. Malemu ankamukonda mwana ameneyu mosabisa, ndipo Damien sanadandaulepo chifukwa aliyense ankaona kuti awiriwo ndi munthu mmodzi.

Timu ya Herons italowa mu ligi yaikulu, a Lawrence anasiya za shuga n'kukayamba ntchito ku timuko. Patapita zaka zochepa anapatsidwa udindo umene anaugwira mpaka mwezi wathawu, woyang'anira malire a malipiro a osewera. Ndifotokozeko pang'ono, chifukwa azakhali athu ena mpaka lero amaganiza kuti alamu ankagulitsa matikiti pageti. Ligi imaika ndalama zimene timu iliyonse ingalipire osewera ake makumi atatu pa chaka, ndipo malirewo ndi amodzi kwa timu yolemera ndi yosauka. Ukapyola, amakulanda mapointi, ngakhale chikho chimene unawina amabwera kudzachinyamula. Ndalama ku Herons sizinasowepo, makina a juga a ku kalabu amalira tsiku lonse. Chimene chinkasowa ndi chilolezo chozipereka. Ntchito ya malemu chaka ndi chaka inali kulowetsa amuna makumi atatu, aliyense wodziona kuti ndi katswiri, m'malire amodzi a chaka chikubweracho.

Osewera anawapatsa dzina loti Madala Ayi. Ena mukuseka, mukukumbuka. Wina ankalowa mu ofesi mwawo n'kunena kuti, “Madala, kunyumba kwabadwa mwana, tawonjezaniko kangachepe.” Iwo ankamugwira chanza, kumufunsa dzina la mwanayo, kenako n'kumutengera pawindo loyang'ana pabwalo. “Ndikuwonjezera,” ankatero. “Koma loza wekha woti ndimuchotsere. Uyo akumanga nsapatoyo? Kapena mnzako wa pa ukwati uja?” Munthu ankatuluka akung'ung'udza, koma mawa lake kunyumba kwake kunkafika phukusi la zovala za khanda lochokera kwa a Rosaria.

Gawo lowawa la ntchitoyi linali kuuza munthu kuti chaka chamawa malo ake palibe. Matimu ena amangoimbira foni ejenti, munthu wokambira wosewera za malipiro, wosewerayo n'kumvera pa wailesi. A Lawrence sankatero. Ankavala tayi, kukwera galimoto yawo yoyera ija, n'kupita kunyumba kwa wosewerayo masana, mkazi wake ali pomwepo. Sankazungulira. Ankanena, n'kukhala pansi kumvetsera kutukwanidwa mpaka munthu atatopa. Akazi a osewera ankaidziwa galimoto imeneyo, ndipo mwezi wa Seputembala ukafika palibe amene ankafuna kuiona ikukhota mumsewu wa kwawo. Ankati akabwerako ku maulendo otere sankadya, ankangokhala pakhonde mpaka mlongo wanga atachotsa mbale.

Tsopano ndifika pamene mlongo wanga anati ndisadumphe.

Kunabwera mnyamata wochokera ku Fiji, dzina lake Waisake Rokobaro, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mmodzi wa aja amasewera kutsogolo, amene ntchito yawo ndi kugunda anzawo ndi thupi. Timu imagoneka anyamata ochokera kutali m'mabanja a anthu ake, ndipo Waisake anagwera kwa a Psaila. Anadya pa tebulo lawo, anaphunzira kuyendetsa galimoto kwa malemu, ndipo patapita zaka zinayi anakwatira Marisa m'tchalitchi muno. A Lawrence anadziwitsa ligi za ubalewo, napempha kuti nkhani za malipiro a mkamwini wawo azikamba munthu wina. Waisake ndiye anakana. “Atate,” anatero, “ngati si inu, ndikhulupirira ndani muno?”

Kenako inafika nthawi imene Herons inali ndi osewera abwino kuposa kale lonse, ndipo aliyense ankaona kuti chikho chili pafupi. Koma akatswiri onsewo sakanakwana m'malire pokhapokha wina atavomera kudya pang'ono. Mu mpira muli kachitidwe kamene ambiri muno mukukadziwa. Wosewera amasaina zaka zingapo, zoyambazo amalandira zochepa, ndipo chaka chomaliza ndiye chonona, chobweza zonse. Malemu anapempha mkamwini wawo zaka zitatu zowonda ndi chachinayi chonona. Chachinayicho sichinamangidwe papepala ngati lonjezo, chifukwa chikanamangidwa ligi ikanachigawa pa zaka zonse zinayi, malo n'kutha. Chinalembedwa kuti timu idzasankha kuchitenga kapena kuchisiya. Ejenti wa Waisake anamuchenjeza, komanso timu ina ya ku Sydney inkamufuna ndi ndalama zambiri. Tsiku lina Lamlungu, tonse tikudya kwa a Psaila, Waisake anafunsa apongozi akewo ngati chaka chachinayi chidzakhalepodi. Malemu anayankha kuti, “Chilipo. Ndanena ine.” Ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu angawa. Waisake anasaina.

Chikho chinabweradi, chokhacho chimene timuyi ili nacho. Tinavina mumsewu, ndipo Waisake anasewera masewero omaliza aja nthiti ili yothyoka. Koma chaka chachitatu chikutha zinthu zinali zitasintha. Kunabwera kochi watsopano. Kunalinso mnyamata wina waluso amene matimu a ku Sydney ankamulimbirana, ndipo kuti akhale pankafunika malo aakulu m'malire. Waisake anali atapitirira zaka makumi atatu, mawondo atayamba kudandaula. Bodi yoyendetsa timu inakhala pansi n'kugamula kuti chaka chachinayi chisatengedwe.

A Lawrence anamenya nkhondo. Anayesa kusuntha uyu, kuchedwetsa uyo, osatheka. Anauza bodi kuti itenge malipiro awo onse ipatse mkamwini wawo, koma malipiro a mu ofesi sawerengedwa m'malire, ndiye nsembe yawoyo inalibe ntchito. Anati asiya ntchito, bodi inati asiye, chigamulo sichisintha. Pamenepo wapampando wa nthawi imeneyo, amene sindimutchula dzina poti ana ake ali muno, anawakokera pambali. Anati pali mkulu wina wogulitsa maboti amene amakonda timu, atha kupatsa Waisake boti, winanso n'kumukuzira nyumba, popanda cholembedwa. “Lawrence, usakhale ngati mwana,” anatero. “Matimu onse amatero.” Malemu anayankha kuti zikadzaululika ligi idzabwera kudzatenga chikho, ndipo anyamata makumi atatu amene anathyoka mafupa adzatchedwa akuba chifukwa cha boti la mkamwini wa Psaila. Anakana.

Anavala tayi, n'kukwera galimoto yoyera kupita kunyumba kwa mwana wawo yemwe. Marisa anali panja akuyanika zovala, ndipo ataona tayiyo anadziwa. Zimene analankhulana anandiuza ndi malemu eni ake.

“Adadi, munamuuza ndi pakamwa panu. Ine ndinali pomwepo ndikudula buledi.”

“Ndinamuuzadi.”

“Ndiye?”

“Ndiye ndalephera, mwana wanga.”

“Simunalephere ayi. Njira anakupatsani, ndamva. Mwasankha.”

Waisake anangowapatsa mpando, n'kuwathirira madzi akumwa, monga ankachitira masiku onse. Malemu ankati akanakonda mkamwini wawoyo akanawamenya.

Nthawi inali itatha, matimu onse a mu ligi anali atadzaza kale malo awo a chaka chotsatira. Imene inapezeka ndi timu yaing'ono ya kumpoto kwa England, yolipira zochepa kuposa zaka zowonda zija. Waisake ndi Marisa anagulitsa nyumba. Ananyamuka ndi ana awo awiri, Josefa ndi Litia, Marisa ali woyembekezera. Pabwalo la ndege Marisa anakumbatira mayi ake, anakumbatira ine, koma kwa bambo ake anangonena kuti, “Kuno sindidzapondakonso mpaka mudzakonze zimene mwawononga.” Amene mukumudziwa mukudziwa kuti sankaopseza chabe. Kuyambira pamenepo ankalankhula ndi mayi ake okha pa foni ya kanema, ndipo bambo ake akangolowa m'chipindamo foni inkaduka. Mwana wachitatu, Mereoni, anabadwira komweko. Malemu ankamuonera pa zithunzi za m'foni ya akazi awo, akaganiza kuti palibe akuwaona.

Pa za mpingo, a Lawrence anali Mkatolika wa ubatizo, ukaristia ndi ulimbitso m'parishi ino. Anatumikira m'bungwe lothandiza osauka kwa zaka zambiri, ndipo kumeneko Madala Ayi sankadziwa kukana. Anaimbako m'kwaya mpaka a kwaya anawapempha mwaulemu kuti azikasonkhetsa chopereka. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha Amayi Maria cha anthu a ku Malta, iwo ankakhala m'gulu la amuna onyamula chifaniziro pamapewa. Chaka chimene Marisa anachoka anapempha kuti malo awo apatsidwe wina. Anauza Bambo Mfumu kuti munthu amene mawu ake anagwa pansi sayenera kuyenda kutsogolo kwa anthu. Misa sanasiye, koma anasamukira ku benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Matenda anayamba mwezi wa Febuluwale chaka chino. Anayamba kuwonda, maso anachita chikasu, ndipo madokotala anapeza khansa ya kapamba itafalikira kale. Anawauza mosabisa kuti ndi nkhani ya miyezi. Iwo anafunsa ngati angafike Ogasiti, poti malire a chaka chamawa anali asanawamalize. Mankhwala akawalola ankapita ku ofesi, akawakana ntchito inkabwera kunyumba. Marisa anauzidwa kuti bambo ake akudwala. Anatumiza maluwa kudzera mwa mayi ake, koma foni sanaimbe.

Mwezi wa Julaye, wapampando wa lero, a Neville Strachan, anaganiza zowachitira chifundo. Ndikunena izi a Strachan ali muno ndipo andilola. Ndi munthu wa mtima wabwino, koma mtima wawo umathamanga kuposa mutu. Anagwirizana ndi kochi kuti Waisake abwerere ku Herons adzasewere chaka chimodzi chotsazikira, banja lonse libwere msanga, Marisa adzadwazike bambo ake. Pofuna kuti ikhale mphatso yodzidzimutsa, anaimbira ku England asanafunse a Lawrence. Tsiku lomwelo foni ya malemu inalira, ali Marisa, patatha zaka pafupifupi ziwiri.

“Adadi, mwawonda chonchi bwanji?”

“Ndi foniyi, imachepetsa anthu.”

“Bodza. Simukudya. Ndikubwera ndidzakuphikireni, muona.”

Anawaonetsa Mereoni akuyenda dzandidzandi m'khitchini. Mlongo wanga akuti tsiku limenelo amuna ake anadya mbale yonse n'kupempha ina. Ine ndinawapeza akumeta ndevu, akuimba nyimbo ndi mawu awo oipa aja.

Mawa lake anaitanitsa mapepala a chaka chamawa, chifukwa ntchito inali idakali yawo. Malo makumi atatu anali odzaza, ndipo malire anali atafika m'khosi. Kuti Waisake alowe, wina anayenera kutuluka, ndipo amene kochi anamuloza anali Brodie Kinnear. Brodie nayenso anali atadya zaka ziwiri zowonda podikira chonona, chimene chinali chaka chamawachi, ndipo nachonso chinali choti timu isankhe. Chichokereni Waisake, malemu analumbira kuti sadzalonjezanso munthu chinthu chosalembedwa. Koma tsiku limene kochi ankanyengerera Brodie kuti asaine mgwirizano umenewu iwo anali m'chipindamo, ndipo Brodie anawatembenukira n'kufunsa kuti, “Madala, ndi zoona zimenezi?” Iwo anavomera ndi mutu. Brodie ali ndi mkazi ndi ana awiri aang'ono, ndipo nthawi yopeza timu ina inali itatha ngati mmene inathera kwa Waisake.

A Strachan anabwera kunyumba, ine ndilipo.

“Lawrence, iwe ukufa. Tilole tikuchitire chinthu chimodzi chokha.”

“Ukundichitira ndi chaka cha Brodie.”

“Brodie ndi mnyamata, apeza kwina.”

“Ndi mmene tinanenera za Waisake. Wapeza chiyani?”

“Ndiye ndikamuuze chiyani mwana wako? Wayamba kale kulongedza.”

“Usamuuze kanthu. Imeneyo ndi ntchito yanga.”

Malemu anati pepala lopita ku ligi lopanda dzina la Brodie iwo sasaina, ndipo bodi ikafuna ipeze wina wosaina iwo atamwalira. A Strachan atatuluka ndinawakalipira. Ndinati, “Alamu, mwapenga? Marisa ndi mwana wanu, Brodie ndi mwana wa eni ake.” Anandiyang'ana ndi maso achikasu aja n'kunena kuti, “Silvio, ndinachitapo kamodzi. Ndikudziwa mmene nyumba imakhalira galimoto yanga ikachoka. Sindingachitenso ndikudziwa.” Ndinawauza kuti amwalira osamuona mwanayo. Anati mwina.

Ku England sakanatha kupita, ndiye anaimba foni ya kanema. Anapempha akazi awo kuti awaveke tayi pamwamba pa malaya ogonera. Marisa anayankha akuseka, makatoni ali kumbuyo kwake, kenako anaona tayiyo. Anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anati, “Kawiri, Adadi? Kawiri?” Foni inaduka. Waisake anali atauza kale timu yake kuti akuchoka, ndipo pobwerera kukapepesa anamulandira pa mgwirizano woipirapo, woti azilipidwa pokhapokha akasewera.

Ndinena zakukhosi pamaso pa bokosili. Ine ndinakwiya nawo, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati anachita bwino. Ndikaona mlongo wanga ndimati analakwa. Ndikaona ana a Brodie akhala apowo ndimasowa chonena. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanachite mosadziwa mtengo wake, ndipo sichinawapatse mtendere. Chakudya chinawakananso. Ankakhala pakhonde foni ili pamwendo, ikalira n'kuyang'ana dzina, n'kuibweza pamwendo pomwepo.

Nkhani za mu timu sizibisika, ndiye Brodie anamva. Anabwera kuchipatala, chimwamuna chonse chija chikulira ngati mwana, n'kunena kuti, “Madala, ndichoka ndine. Itanani mkamwini wanu.” Malemu anamuuza kuti, “Ukachoka ndikuthyola miyendo ndi ndodo iyi. Pukuta mamina, pita ukathamange, wanenepa.” Brodie anaseka akulira, anawagwira dzanja, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankabwera akaweruka ku maphunziro a mpira kudzawatembenuza pabedi, poti mlongo wanga yekha sankatha.

Malire a chaka chamawa anawamaliza kumapeto kwa Ogasiti ali gone m'chipatala. Anasaina, napereka ntchito kwa amene alowe m'malo mwawo, namulangiza kuti asadzavomere ndi mutu chinthu chimene sangathe kuchilemba. Zitatero thupi linangogwa. Bambo Mfumu anawadzoza mafuta a odwala sabata yatha Lolemba. Tsiku lomwelo Rosaria anaimbira mwana wake. Sanamunyengerere. Anamuuza kuti, “Marisa, makaniwo unatengera bambo ako, ndipo ndatopa nanu nonse awiri. Safika Lamlungu. Ukafuna bwera, ukafuna khala.” Marisa anagula tikiti ya ndege yoyamba imene inapezeka, nanyamuka ndi khanda lake. Ulendo wochokera kumpoto kwa England kufika kuno mukuudziwa kutalika kwake.

Malemu atauzidwa kuti mwana wawo ali m'njira, anapempha kuti awapese tsitsi. Tsiku lonse la Lachitatu ankati akadzidzimuka n'kufunsa kuti ndege yafika pati. Lachinayi m'mawa mpweya unayamba kuvuta, ndipo anamwino anatiuza kuti tisachoke. Anatsegula maso n'kufunsa kuti, “Rosa, yatera?” Mlongo wanga sanawanamizepo amuna ake m'zaka zonse za ukwati wawo. Tsiku limenelo anawanamiza. Anati, “Yatera, Lawrence. Damien wakamutenga, ali mumsewu.” Damien anali ataima kuseri kwa chitseko akulira. Malemu anamwetulira n'kunena kuti, “Muimbire, umuuze asathamangitse galimoto, muli mwana.” Amenewo ndiwo mawu awo omaliza. Anatisiya dzuwa lisanafike pamutu, Marisa ali pabwalo la ndege ku Singapore akudikira ndege yachiwiri. Anafika Lachisanu, n'kuwapeza ali kunyumba yachisoni.

Marisa, mwana wa mlongo wanga, mayi ako anafuna kuti zonsezi zinenedwe pagulu iwe ukumva, osati kuti uchite manyazi. Bambo ako sanakuimbepo mlandu ngakhale tsiku limodzi. Ankati unali ndi chifukwa, ndipo akanakhala iwo akanachitanso chimodzimodzi. Anapita akukhulupirira kuti uli mumsewu wa ku Mackay, ukubwera kwa iwo.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, a parishi, ndi osewera asanu ndi mmodzi amene anyamule bokosi potuluka muno. Ndithokozenso abale athu a ku Fiji okhala mu Mackay, amene anabwera dzulo ndi mikeka ndi nsalu monga mwa mwambo wa kwawo. Mkeka mukuuona pabokosiwo watumizidwa m'dzina la Waisake. Iye sanathe kubwera. Timu yake ili ndi masewero Loweruka, ndipo akapanda kusewera banja lake silidya.

A Lawrence Gaetano Psaila amwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri. Asiya mkazi wawo, a Rosaria. Asiya mwana wamwamuna, Damien, ndi mkazi wake Colleen, komanso mwana wamkazi, Marisa, ndi mwamuna wake Waisake. Asiya alongo atatu ndi mng'ono wawo mmodzi. Asiya zidzukulu zinayi: Xavier, mwana wa Damien, amene ali pano, Josefa ndi Litia, amene atsala ku England ndi bambo awo, ndi Mereoni, amene agogo ake sanamunyamulepo m'manja. Ndi uyo mwakhala mukumumva akulira ku benchi yakutsogoloyi.

Tikatuluka muno tikawaika ku manda a ku Farleigh, pambali pa makolo awo. Ambuye amene anawapereka awalandire, ndipo alamu anga a Lawrence apumule mu mtendere.